Udzudzu sunazolowere mankhwala, tachita kuusankha ndife

Mvula ikangoyamba kuno ku Area 24, madandaulo amene amamveka pa mjigo, pa msika wa Ngwenya ndi mu minibasi yopita m'tauni amakhala omwewo chaka ndi chaka. Wina akuti masikito a masiku ano ndi opanda ntchito, udzudzu ukumatera pa neti penipenipo n'kumalira mpaka kucha. Wina akuti wapopera nyumba ya lendi imene walowa kumene, koma nsikidzi zikadali m'ming'alu ya khoma. Winanso akuti Bactrim amene kale ankamuchiza m'mimba tsiku limodzi lokha, lero akungomwa osaona kusintha. Ukafunsa chifukwa chake, mayankho amakhala atatu: mankhwalawo ndi achinyengo, anakhalitsa pa shelefu, kapena thupi linawazolowera.

Mankhwala achinyengo alipodi, okhalitsanso alipo. Koma yankho lachitatulo ndi lolakwika, ndipo kulakwika kwake kukutidyera ndalama ndi miyoyo. Ndaphunzitsa Biology kwa zaka zambiri, ndipo chimene chimandipweteka ndi chakuti yankho lenileni lili m'mutu umene ana a Folomu 4 amaudana kwambiri, umene aphunzitsi enafe timauthamangitsa kumapeto kwa teremu: chisinthiko cha zamoyo. Timauona ngati mkangano wa anyani ndi Baibulo, wofunika kuloweza kuti tikhoze mayeso kenako n'kuiwala. Chonsecho chisinthikocho chikuchitika m'magazi mwathu, m'makoma mwathu ndi m'maenje amene oumba njerwa amasiya atadzaza madzi kuseri kwa nyumba zathu.

Nkhani yake ndi yosavuta. Ana a mimba imodzi safanana, ndipo ndi mmene zilili ndi zamoyo zonse. Munthu amene wagwidwa malungo aakulu amakhala ndi tizilombo mabiliyoni m'magazi. Kachilombo kalikonse kakamaswana kamakopera DNA yake, malangizo a chibadwa amene kamapatsira ana ake, ndipo pokoperapo nthawi zina pamalakwika. Zolakwika zambiri zilibe phindu, zina zimapha kachilomboko. Koma mwa apo ndi apo pamapezeka kamodzi kamene kulakwikako kakachititsa kuti mankhwala asamakagwire msanga. Sikanafune kutero, sikanaphunzire kanthu, kanangobadwa choncho, mwina mankhwalawo asanabwere n'komwe. Ndiye munthu uja akamwa mankhwala, amagwira ntchito ya sefa ya ku chigayo: zofewa zonse zimapita, zolimba zimatsala pamwamba. Zotsalazo ndizo zimaswana, udzudzu n'kuzitengera kwa mwana wa a neba. Zikachitika kambirimbiri m'dziko lonse, tizilombo timene tikuzungulira timakhala zidzukulu za tolimba tija. Thupi la wodwala silinasinthe, chasintha ndi gulu la tizilombo. Izi ndi zimene Charles Darwin ndi Alfred Russel Wallace anafotokoza mu 1858, Darwin n'kuzilemba m'buku lake la 1859, ndipo amazitcha kusankha kwa chilengedwe.

Mabuku ambiri a sukulu amafotokoza zimenezi ndi agulugufe a usiku a ku England, amene akuda anachuluka pamene utsi wa mafakitale unadetsa mitengo ya ku Manchester. Chitsanzocho n'choona, koma mwana wa ku Kawale kapena ku Biwi sanaonepo mtengo wa ku Manchester. Pamene dziko lake lomwe lili ndi chitsanzo chimene akatswiri a m'mayiko akutali amachitchula m'makalasi awo.

Amene tinakula kale timamukumbukira klorokwini, kuwawa kwake pakamwa ndi kuyabwa thupi lonse usiku. Anali wotsika mtengo ndipo ankachiza. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, kumalire a Thailand ndi Cambodia kunapezeka tizilombo ta malungo tosamva klorokwini. Tinayenda ndi anthu pang'onopang'ono mpaka tinafika ku Kenya ndi Tanzania cha mu 1978, ndipo m'zaka za m'ma 1980 tinali titadzaza Malawi. Ana ankamwa mankhwala onse bwinobwino koma malungo osatha, magazi n'kumachepa. Mu 1993 dziko lathu linakhala loyamba kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kusiya klorokwini n'kuika Fansida ngati mankhwala oyambirira a malungo. Panafunika kulimba mtima, pakuti oyandikana nafe anapitiriza naye kwa zaka zina zambiri.

Zimene zinatsatira ndizo zimandisangalatsa. Ofufuza a ku Blantyre, mogwirizana ndi anzawo a ku University of Maryland, anayeza magazi a odwala a zaka zosiyanasiyana. Mu 1992, pa tizilombo 100 tilitonse, pafupifupi 85 tinali ndi chizindikiro cha chibadwa chokana klorokwini. Pofika 2000 tinatsika kufika pa 13. Mu 2005 anayesa klorokwini uja pa ana odwala malungo ku Ndirande, ndipo zotsatira zake, zimene Miriam Laufer, Fraction Dzinjalamala ndi anzawo anafalitsa mu 2006, zinaonetsa kuti anachiza ana 99 pa 100 alionse. Fansida, amene tinathawirako uja, anachiza 21 okha.

Zinatheka bwanji? Kusintha kumene kumateteza kachilombo ku klorokwini kumakathandiza kutulutsa mankhwalawo m'kathumba kake kogayira chakudya, koma kumakachititsanso kuti kasamakule ndi kuswana msanga ngati tinzake. Klorokwini ali paliponse, mtengo umenewo unali woyenera kulipira. Atachoka, tizilombo tachikale tosasinthika tija, timene tinali titatsala pang'ono m'matupi a anthu osamwa mankhwala, tinayamba kuswana kuposa tolimba tija mpaka tinadzazanso dziko. Ofufuza omwewo anatsimikiza pambuyo pake kuti tolimba tija sitinabwerere m'mbuyo, tinangoposedwa. Apa ndi pamene ophunzira anga amasokonezeka, chifukwa amaganiza kuti chisinthiko ndi makwerero opita kumwamba, kuti chamoyo chimanka chikhala chabwinoko. Palibe champhamvu mpaka kale. Chimene chikupambana lero chikupambana chifukwa cha mmene zinthu zilili lero, ndipo amene anasintha mmene zinthu zinalili mu 1993 anali anthu okhala pa mpando ku Unduna wa Zaumoyo. Fansida naye anasefa ake, ndipo mu 2007 tinasamukira ku LA.

Udzudzu wa pa neti uja nkhani yake ndi yomweyo. Kwa zaka zambiri masikito onse amene ankagawidwa ankanyikidwa m'mankhwala a gulu limodzi lotchedwa pyrethroid, amenenso amapezeka m'mankhwala ambiri opopera m'minda ndi m'nyumba. Dziko la South Africa litasiya DDT mu 1996 n'kuyamba kupopera pyrethroid, udzudzu wa mtundu wa Anopheles funestus wosamva mankhwalawa unabwerera ku KwaZulu-Natal, ndipo malungo anabuka kwambiri cha mu 1999 ndi 2000. Mu 2010 ofufuza analengeza kuti udzudzu wotere wapezeka pa chilumba cha Likoma, kenako unapezeka wochuluka ku Chikwawa. M'thupi mwake mumapangidwa timadzi tambiri tophwanya poizoniyo isanaugwetse. N'chifukwa chake masikito ena amene akugawidwa masiku ano amawaonjezera mankhwala otchedwa PBO, amene ntchito yake ndi kulepheretsa timadzi timeneto. Choncho bambo amene akudandaula kuti udzudzu ukutera pa neti waona zoona. Chimene walakwitsa ndi kuchotsa netiyo n'kukatchingira mbewu ku dimba kapena anapiye. Neti yosang'ambika imatsekabe njira ngakhale poizoni wake atachepa mphamvu.

Kusefa si njira yokhayo imene gulu la zamoyo limasinthira. Ina ndi kusamuka. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, pakati pa 1998 ndi 2010, odwala otsimikizika kuti ali ndi taifodi m'magazi ankakhala pafupifupi 14 pa chaka. Mu 2014 anafika 782, ndipo pafupifupi onse anali ndi tizilombo tosamva mankhwala atatu amene madokotala ankadalira kale. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome atayeza DNA yake anapeza kuti ndi mtundu wotchedwa H58, umene unachokera ku Asia. Sunabadwire kuno, unabwera m'mimba mwa anthu apaulendo, n'kupeza madzi akuda ndi mankhwala ogulitsidwa mwachisawawa zikuudikira. Mabakiteriya alinso ndi khalidwe lina loopsa, lopatsirana tizidutswa ta DNA ngakhale asali a mtundu umodzi. Pa chipatala chomwecho, mabakiteriya a Klebsiella osamva mankhwala amphamvu a jakisoni a gulu la ceftriaxone anali pafupifupi 12 pa 100 mu 2003. Pofika 2016 anapitirira 90 pa 100. Amene amafa nawo kwambiri ndi makanda obadwa kumene.

Njira ina ndi mwayi chabe. Gulu likachepa kwambiri, zimene otsalawo anyamula m'chibadwa chawo ndizo zimapitirira, kaya n'zothandiza kaya ayi. Bungwe la African Parks litabweza mikango ku Majete mu 2012, linayamba ndi itatu yokha yochokera ku South Africa. Mikango yonse yobadwa kumeneko ikanakhala pachibale chapafupi, ndipo chilema chimene umodzi mwa itatuyo unabisa chikanafalikira popanda chosefa chilichonse. N'chifukwa chake pambuyo pake anabweretsanso ina ya magazi ena. Woweta nkhuku zachikuda amene amasinthana tambala ndi mnzake wa mudzi wina akuthana ndi vuto lomweli.

Ena amati izi ndi za tizilombo tosaoneka ndi maso, nyama zazikulu sizisintha. Apite ku Mfuwe, ulendo wongodutsa pa Mchinji ndi Chipata. M'nkhalango ya South Luangwa, njovu zazikazi zobadwa zopanda minyanga zinali pafupifupi 10 pa 100 mu 1969. Pofika 1989, opha nyama mozembera atapulula za minyanga, zinafika 38 pa 100. Ku Gorongosa ku Mozambique, nkhondo ya 1977 mpaka 1992 inatha njovu pafupifupi 9 pa 10 zilizonse, pakuti minyanga inkagula zida. Nkhondo isanayambe, zazikazi zopanda minyanga sizinkafika limodzi mwa magawo asanu. Mwa zopulumuka, zinali theka. Kafukufuku wa 2021 wotsogoleredwa ndi Shane Campbell-Staton anaonetsa kuti chibadwa chimenechi chimayenda mwa zazikazi ndipo chimapha ana aamuna asanabadwe. Mfuti inasefa njovu m'zaka zosakwana makumi awiri, ndipo njovu zikulipirabe.

Ngakhale pa benchi la nsomba pa Ngwenya pali phunziro. Chambo, utaka, kambuzi, mcheni ndi ndunduma zonse ndi za banja limodzi, pamodzi ndi mbuna zamawangamawanga za m'miyala ya ku Cape Maclear. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba za banjali, kuposa nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina. DNA yake imaonetsa kuti pafupifupi yonse inachokera ku makolo amodzi. Zina zinapatukana chifukwa cha chakudya, milomo ndi mano n'kusiyana: izi zopala ndere pa mwala, izo zosaka tinsomba pakati pa nyanja. Zina zinapatukana chifukwa cha maso a zazikazi. Yaimuna ya mitundu ina ya utaka imaunjika mchenga n'kumanga kachulu pansi pa madzi, yaikazi n'kumayendera tizulu timeneti kusankha amene wamanga bwino. Mwa mbuna, yaikazi imayang'ana mtundu wa khungu. Zokonda zikasiyana pa miyala iwiri yotalikirana, patapita mibadwo yambiri magulu awiriwo sakwatirananso. Pamene UNESCO inkaika Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse mu 1984, chifukwa chachikulu chinali nsomba zimenezi. Alendo amalipira ndege kudzaziona, ife ana athu akuloweza agulugufe a ku England.

Ifenso anthu sitili kunja. Matenda a sickle cell amagwira mwana amene walandira chibadwa chake kuchokera kwa bambo ndi mayi omwe. Amene walandira mbali imodzi yokha sadwala, ndipo amatetezeka kwambiri ku malungo aakulu, monga Anthony Allison anaonetsera mu 1954 atafufuza ku East Africa. Ndiye kumene malungo akhala akupha ana kwa mibadwo yambiri, chibadwachi chinachuluka ngakhale chili ndi ululu wake. Makolo awiri onyamula akakwatirana, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi woti mwana adwale. Banja limene likudziwa zimenezi silingathamangire kuloza agogo a kumudzi kuti alodza mwana.

Ndikudziwa chimene chimawawa ambiri, chifukwa ndimapemphera nawo Lamulungu lililonse. Makolo ena anandifunsapo kuti, "Aphunzitsi, mukufuna ana athu asiye Mulungu?" Ine ndimawayankha kuti amene anatulukira malamulo a mmene chibadwa chimayendera kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana, Gregor Mendel, anali wansembe wa Katolika wodzala nsawawa m'dimba la nyumba ya amonke, ndipo anafalitsa zimene anapeza mu 1866. Ndimawakumbutsanso amayi awo, amene pokolola ankapatula zisononkho zazikulu za chimanga cha makolo n'kuzipachika pa utsi kuti zidzakhale mbewu. Ankadziwa kuti ukasankha zobereka, mbewu ya mawa imasintha. Za chiyambi cha zonse, aliyense akambirane ndi abusa ake ndi chikumbumtima chake. Koma kachilombo ka malungo sikafunsa mpingo wa munthu kasanasinthe, ndipo mwana amene akufuna kudzakhala namwino kapena mlangizi wa zaulimi sangagwire ntchito bwino atalumpha mutu umenewu.

Tsono amene akusefa kuno kwathu ndi ndani? Lowani m'magolosale ndi m'maokala a m'makwalala athu. Makapisozi a Amoxyl amagulitsidwa awiriawiri pambali pa machesi ndi sopo, malinga ndi ndalama imene munthu ali nayo. Munthu wa chimfine, chimene chimayamba ndi vairasi yosagwidwa n'komwe ndi makapisozi, amamwa atatu n'kusiya. Chimfinecho chikanatha chokha, koma mabakiteriya a m'matumbo mwake asefedwa, ndipo otsalawo akupita ku chimbudzi chokumba chimene mvula ikagwa chimasefukira m'ngalande mmene ana amasewera. Oweta nkhuku zoyera kuseri kwa nyumba amathira mankhwala a mtundu womwewo m'madzi a anapiye kuyambira tsiku loyamba, asanadwale. LA wa munthu wamkulu ndi mapiritsi 24, omwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, koma ambiri akangomva bwino tsiku lachiwiri amasunga otsalawo kuti adzathandize wina. Ku munda nako, chibwerere mbozi za ntchemberezandonda cha mu 2017, tikupopera mankhwala amodzimodzi chaka ndi chaka, nthawi zina osungunula kwambiri kuti botolo likwane munda wonse.

Sindikuloza chala mayi amene wagula makapisozi awiri. Iye wawerengera: ndalama ya kabaza kupita ku chipatala ndi kubwerera, tsiku lonse pa mzere geni itaima, ndipo mwina pamapeto pake auzidwa kuti mankhwala atha, akagule ku famase. Pa masamu amenewo, okala ya pa kona ndi yanzeru. Ndinaimapo pa mzere wotero ndi mdzukulu wanga akutentha thupi, n'kubwerako ndi kapepala kokha. Vuto ndi lakuti phindu la makapisozi awiriwo ndi la munthu mmodzi, pamene kuonongeka kwa mankhwalawo ndi kwa tonse. Mankhwala ena onse, monga Panado, ukamwa molakwika umadzipweteka wekha. Opha tizilombo okha ndiwo amene kumwa kwako kumachepetsa mphamvu yake kwa mwana wa ku Mgona amene sunamuonepo.

N'chifukwa chake ndikuti boma lisamathere pa zikwangwani zolangiza anthu kumaliza mankhwala. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority lili ndi mphamvu zoletsa kugulitsa mankhwalawa popanda chilolezo, ndipo liyenera kuoneka m'misika ya m'makomboni, osati m'mafamase a ku City Centre okha. Koma kulanda makapisozi m'maokala pamene m'zipatala za boma mulibe ndi nkhanza chabe. Ziwirizi ziyendere limodzi: mankhwala ndi zipangizo zoyezera malungo zizipezeka pafupi ndi anthu, kenako wogulitsa mozemba alangidwe. Alangizi a ziweto afike kwa oweta nkhuku a m'tauni, amene ambiri amaphunzira ulimiwu pa WhatsApp. Ndipo a Malawi Institute of Education, pokonzanso mabuku, aike klorokwini wa ku Ndirande, taifodi wa ku Blantyre ndi mbuna za ku Cape Maclear patsogolo, mutuwo uyambike m'makalasi a m'munsi, pakuti ana ambiri safika Folomu 4 koma onse adzagula mankhwala.

Changu chikufunika chifukwa cha LA. Fansida anatitumikira zaka 14, kuchokera 1993 mpaka 2007, ndipo LA wadutsa kale pamenepo. Tizilombo tochedwa kufa ndi artemisinin, amene ndi msana wa LA, tinayamba kuonekera kumadzulo kwa Cambodia, dera lomwe lija kunachokera tokana klorokwini. Koma ulendo uno Africa sikudikira alendo: mu 2020 ofufuza analengeza kuti ku Rwanda kwabadwa mtundu wakewake, ndipo tizilombo totere tapezekanso ku Uganda, ku Eritrea ndi m'chigawo cha Kagera ku Tanzania. Mabasi ndi malole ochokera ku Dar es Salaam amadutsa pa Songwe tsiku lililonse. Kubwerera ku klorokwini payekha si yankho, chifukwa tolimba tija tikhoza kuchulukanso msanga akangoyambiranso kumwedwa paliponse. Unduna wa Zaumoyo uziyeza tizilombo ta m'maboma a m'malire monga Karonga, Chitipa ndi Mchinji chaka chilichonse, uziuza anthu zotsatira zake m'Chichewa ndi m'Chitumbuka pa wailesi, ndipo unene poyera mankhwala amene wakonza kudzagwiritsa ntchito LA akadzayamba kulephera.